Magadiyani, Msanga, Zavuta

Khalani pansi, ana inu, pakhonde pompano. Zainabu, foniyo uike pamwamba pa makina anga osokera, siithawa. Rashidi, usabisale kumbuyo kwa mlongo wako, sendera kuno ndizikuona. Hamisi, pukuta mamina, palibe amene wakumenya.

Dzulo ndinali ku boma, kuchipatala. Amake Filipo agona m'wodi ya amayi, fupa la m'chiuno linathyoka, ndipo mwendo aukoka ndi chingwe kuti usasunthe. Satha kudzuka, ngakhale kutembenuka okha satha. Pansi pa bedi lililonse m'menemo pali mkeka wa munthu wodikirira wodwala wake, koma pansi pa bedi lawo pali simenti yokha. Amene akuwamwetsa madzi ndi mayi wina wa ku Nkhunga, wodikirira mwana wake pa bedi loyandikana nalo, ndipo mwanayo wayamba kuyenda, amutulutsa posachedwa. Akachoka mayi ameneyo, amake Filipo adzagona m'zonyansa zawo mpaka wina awamvere chisoni. Dzenje limene anagweramo mukulidziwa, ndipo amene analikumba mwakhala pano. Ndicho ndakuitanirani. Koma ndiyambira patali, chifukwa ndikayambira pafupi ndiyankhula mawu amene ndikachita nawo manyazi poswali.

Agogo anu aakazi, Mulungu awachitire chifundo, ankandiseka kuti mkwiyo wanga ndi chinangwa chowawa: umabzalidwa chaka chino, nkukumbidwa chaka chamawa, ndiye uyambe wauviika m'madzi usanaupereke kwa munthu. Ankanena zoona. Ndasoka zovala pa Liwaladzi pano kuyambira ndili ndi tsitsi lakuda, ndipo palibe anganene kuti ndinamukalipira, ngakhale aja ondibweretsera nsalu yokwana mwana nkumati ndisoke ya munthu wamkulu. Koma mkwiyo uno wakhwima sabata imodzi, ndipo madzi ouviikamo ndawasowa.

Makatuni anuwa atangofika ku vidiyo ya kuseri kwa chigayo, anzanga ku mzikiti anadandaula. Ankati ana akuthawa madarasa, akukaonera zolengedwa zimene Mulungu sanalenge. Ine ndinati nyumba suiweruza uli kunja kwa chitseko, ndikaone kaye. Ndipo chinandikoka ndi dzina. Rashidi, ndiwe unandiuza kuti filimuyo ndi ya magadiyani. Ndinadabwa. Ndinati kodi nawonso a kunja amagona pansi pa bedi kuchipatala? Liwu limeneli ndinkalidziwa pamalo amodzi okha, monga aliyense kuno. Gadiyani ndi munthu amene amatsagana ndi wodwala, kumuphikira, kumusambitsa, kumutembenuza. Ndiye ndinalowa m'chisakasa cha vidiyo chija, ndinakhala pa benchi pakati pa ana ndi ndevu zangazi, ndikuyembekeza kuona amayi osenza mabeseni ndi nkhuni.

Ndinaona zina. Anthu si anthu, a mitu yaitali ngati mapapaya, wina wobiriwira, wina wofiirira, wina wa maso atatu, onse ndi tinsalu touluka kumsana. Anatsika kuchokera ku nyenyezi m'chombo chonga chipanda, nafika pa dziko la mitengo yowala, lokhalamo tianthu tating'ono tamantha. Mdani wawo anali nkhalamba yowerama, yoyenda ndi ndodo, imene inkameza mitsinje ndi kuwala kwa dzuwa. Mnyamata uja womasulira m'Chichewa, amene mawu ake amamveka pamwamba pa mawu a eni ake, anaitcha Chimeza. Ameneyo ndi wabodza wosangalatsa. Sindikhulupirira kuti eni filimu anaikamo za kukwera mtengo kwa usipa, koma iye ankawadandaulitsa nazo anthu a ku nyenyeziwo, mpaka wa maso atatu uja analumbira kuti sadzagulanso nsomba pa Ngala. Ndinaseka, sindikana. Ndipo Chimeza akangotulukira, womasulirayo ankakuwa mawu amodzimodzi, inu nonse nkumutsatira ngati ana obwereza phunziro ku madarasa: magadiyani, msanga, zavuta.

Mawuwo anandigunda pang'ono, koma ndinati ndi masewera. Chimene chinandigwira mtima ndi chakuti magadiyaniwo dzikolo silinali lawo. Kwawo kunapsa kalekale. Tianthu tija nthawi zina tinkawanyoza kuti ndi obwera, akudya zathu, abwerere kumene anachokera. Koma ngozi ikafika, obwera omwewo ndi amene ankaima kutsogolo. Ndinatuluka nkukauza a shehe kuti m'menemo mulibe choipa, bola ana azipita ataweruka. Ndipo pamene munandizungulira, agogo tisokereni, agogo tisokereni, ndinatola zidutswa za nsalu za makasitomala nkukusokerani tinsalu ta kumsana. Kako Rashidi kanali kotsala pa diresi la mkwatibwi, konyezimira. Sindikudandaula kuti ndinasoka. Nsalu siikumba dzenje.

Musaganize kuti ife tinabadwa tili nkhalamba. Nafenso tinaonera zithunzi zoyenda. Galimoto ya boma inkabwera kamodzikamodzi, m'chilimwe msewu ukauma, pakuti nthawi imeneyo kunalibe tala, kunali mchenga ndi milatho ya mitengo. Ankamanga chinsalu choyera pakati pa mitengo iwiri pa bwalo la sukulu, nkutionetsa kalimidwe ka thonje ndi kakumbidwe ka chimbudzi. Zomwezo basi, koma tinkaonera kukamwa kuli yasa. Mayi anga, tsiku loyamba, mtima sunawakhale pansi. Anatuma mlongo wanga kukafunsa woyendetsa galimotoyo ngati anthu a m'nsaluwo adya, pakuti alima nthawi yonseyi ndipo ndi alendo, mpunga ulipo. Mudzi unawaseka mpaka imfa yawo. Inenso ndinaseka. Lero sindiwasekanso. Iwo anaona chithunzi nkuchiyesa munthu. Inu mwaona munthu nkumuyesa chithunzi.

Ngakhale dzenjelo, musayese mwayamba ndinu. Tinkakumba mbuna ndi bambo anga kumunda wa chinangwa, cha kumtunda uko, kumene nguluwe zinkatuluka m'nkhalango kudzafukula. Inali ntchito ya masiku, ndi khasu lalifupi ndi chikho chotayira dothi, kenako timitengo, masamba, dothi pamwamba, mpaka iwe mwini osazindikira pamene wakumba. Koma mbuna inali ndi lamulo lake. Usanaiphimbe, unkayenda khomo ndi khomo kunena kuti kwakutikwakuti kuli mbuna, ndipo panjira yolowera unkamanga mfundo ya udzu, kuti aliyense woyenda ndi miyendo iwiri aone nkupatuka. Bambo anga ankayambira kunyumba za okalamba, nkubwereza kawiri m'khutu. Wokumba mbuna mwakachetechete sankatchedwa mlenje. Anali ndi dzina lina, ndipo sindikufuna ligwere mdzukulu wanga.

Tsopano ndikuuzeni za munthu amene munamusandutsa Chimeza. Inu mwawadziwa atawerama kale. Anabwera kuno ali mtsikana wowongoka ngati mgwalangwa, kuchokera ku Phalombe, kutsatira amuna awo amene anadzadula nzimbe ku Dwangwa. Msana umene mumautsanzirawo unapindika m'minda ya nzimbe ndi kupalira, ndiponso ndi mitolo ya nkhuni zogulitsa. Ntchito itatha amunawo sanafune kubwerera, anapempha malo kuno, namanga kuseri kwa munda wathu. Anthu ankawatcha obwera, ena dzina lina lachipongwe limene silituluka pakamwa panga. Kayankhulidwe kawo kankatiseketsa. Ine ankanditcha achimwene, agogo anu achemwali, ngati tinayamwa bere limodzi. Iwo ndi Akhristu a kolona m'khosi, ife Asilamu. Tinkapatsana moni, moto ndi mchere, osapitirira apo. Amuna awo anamwalira. Filipo, mwana wawo mmodzi yekhayo, anapita ku Joni, anaimba foni chaka choyamba, kenako zii.

Chaka chimene Rashidi unabadwa, mvula itangoyamba, agogo anu anatupa miyendo, mpweya nkumawathera. Ndinawakweza panjinga, ndikukankha mumchenga mpaka kumsewu, kenako matola, galimoto yodzaza matumba a nsomba zouma. Inu mumadandaula minibasi ikachedwa. Bambo anga atang'ambidwa ntchafu ndi nguluwe tinawapalasa pa bwato kuchokera kuno mpaka ku boma, ine ndi amalume, mwera ukutibweza m'mbuyo, mayi ali pakati, dzanja lina lagwira mutu wa wodwala, lina likukapa madzi. Kamba wathu anali chinangwa chootcha ndi utaka wouma. Liwu lakuti gadiyani linali lisanafike, koma ntchitoyo inalipo, ndipo palibe ankafunsa kuti apita ndani.

Koma ndimanena za agogo anu. Atawagoneka, namwino anandifunsa kuti gadiyani wamkazi ali kuti. Mwamuna salowa m'wodi ya amayi kukasambitsa munthu, ngakhale akhale mkazi wake, pakuti mulinso akazi a eni. Ndinayamba kuyendayenda m'mutu. Mayi anu anali ndi khanda la masiku ochepa, iweyo Rashidi, ndipo khanda siligona pakati pa matenda. Alongo anga anali atatha. Abale a agogo anu anatumiza mawu akuti abwera akamaliza kuwokera mpunga. Ndinamuuza namwinoyo kuti Mulungu apereka. Iye anati chabwino bambo, koma apereke pofika mawa.

M'mawa mwake ndinaona amake Filipo akutsika matola pageti, beseni pamutu, mkeka m'khwapa. Ndinayesa ali ndi wodwala wawo. Ndinawapatsa moni nkuwafunsa kuti wadwala ndani.

"Achimwene, mafunso enawa," anatero. "Achemwali agona bedi liti?"

M'besenimo munali poto watsopano, wonyezimira, kapepala ka m'sitolo kakadali pambali. Anandionetsa dala. Anati mapoto awo onse anaphikapo nkhumba pa Khirisimasi, ndiye agula uyu kuti achemwali azidya mtima uli m'malo. Palibe anawapempha. Palibe anawaphunzitsa.

Imvani ntchito ya gadiyani, inu a tinsalu touluka. Amagona pa simenti, udzudzu khutu ili, wodwala khutu linali. Amaima pamzere wa phala ndi kapu ya mwini. Amanyamula kabeseni kodzithandiziramo kudutsa pakati pa anthu, atakaphimba ndi nsalu kuti wodwala asachite manyazi. Amachapa zitenje zimene mwini wake sangafune kuziona, nkukhala pafupi ndi waya mpaka ziume, kuopa a manja aatali. Amaphika m'chisakasa cha utsi, nkhuni zonyowa, mafuwa obwerekana. Amatembenuza munthu womuposa kulemera kuti asachite zilonda. Ndipo amatukwanidwa. Agogo anu anali munthu wofatsa, koma ululu unawasandutsa lumo. Tsiku lina ndili pawindo ndinawamva akunena kuti phalalo likununkha utsi, manja awo ndi okhakhala ngati khungwa, achoke, abwerere kwawo ku Phalombe. Amake Filipo anangoti basi ya ku Phalombe yapita kale, ndiye achemwali apirire, atsegule pakamwa. Nkuwamwetsa phala lonse.

Akapeza nkhuku ankabwera nayo kwa ine kunja kwa mpanda kuti ndiizinge. Anandifunsa kuti ku Maka ndi kuti, ndinawalozera kumpoto, ndipo nthawi ya swala ikakwana ankawatsamiritsa agogo anu kuyang'ana kumeneko, kuwathira madzi m'manja ndi kumapazi, nkuima ndi chitenje chotambasula kuti odutsa asawasokoneze. Akamaliza, iwo nkukhala pamkeka pawo ndi kolona wawo. Ramadhani inatipeza komweko. Ine ndinkagona pakhonde la mzikiti, ndikufunga, osadya masana onse, ndipo nthawi yomasula ndinkapeza futali wa chinangwa atandisungira m'mbale yovundikira. Masana iwo ankadya atatembenukira kukhoma, ngati akuba, kuti ine wanjala ndisawaone.

Munda wawo chaka chimenecho unadyedwa ndi udzu. Anachoka mvula ikuyamba, anabwerera chimanga cha anzawo chili ndi ngayaye. Titakolola ndinawapititsira mpunga. Anatapako pang'ono m'lichero, wotsalawo anabweza, nati pakhomo panu pali khanda. Chaka chonse anadya za ganyu.

Tsiku lomaliza kunali m'mawa, dzuwa litakwera. Ndinali pansi pa mtengo kunja kwa wodi, ndikusoka batani la malaya a mlonda. Ndinawaona akutuluka opanda beseni, opanda kapu, ndipo miyezi yonseyo ndinali ndisanawaonepo chimanjamanja. Anafika, anagwada, nati:

"Achimwene, zavuta."

Liwu lake ndi lomwelo. Kuno sitinena kuti munthu wafa, ngati mbuzi. Timati zavuta. Ndi iwo anatseka maso a agogo anu. Pamaliro, amayi a Chisilamu akusambitsa thupi, iwo sanalowe, ankadziwa malire awo. Ankatunga madzi nkumasiya pakhomo, kutunga nkusiya, mpaka ntchito inatha. Ndipo masiku otsatirawo, mayi anu ali ndi khanda kuno, misozi uko, iwe Zainabu unkaswera pamsana pa amake Filipo. Sukumbuka. Unkawakoka makutu nkuwakodzera. Magwafa amene mumathyola kuseri kwa nyumba yawo, muyesa saona? Amalowa m'nyumba dala kuti muthyole mosaopa.

Ndiye taganizani, ngati m'mitumo mwatsala malo oganizira. Sabata yatha ine ndinali ndi chifuwa, makinawa sindinawatsegule masiku angapo. Amake Filipo ankadziwa, anandibweretsera mandimu. Inu munali mutatopa ndi kumenyana ndi nthochi za kudimba, munafuna Chimeza woyenda. Munayang'ana mudzi wonse nkupeza nkhalamba yowerama, ya ndodo, yopanda mwana woti akutsatireni. Usanditsutse, Rashidi. Pakhomo pa agogo ake a mnzako uja wa kwa asodzi simukanayerekeza, pali anyamata a mikono. Munasankha pamene palibe mwini. Munakumba panjira yawo yobwerera kuno, munaphimba ndi mitengo ya chinangwa ndi mchenga, bwinobwino, ntchito yoti ndikanaiyamikira ikanakhala ya nguluwe. Mfundo ya udzu panalibe. Kenako munakaima pabwalo pawo, mutavala nsalu zimene mudzi wonse ukudziwa kuti ndinasoka ndine, nkukuwa ndi mphamvu zanu zonse: magadiyani, msanga, zavuta.

Munkafuna atuluke ndi ndodo akupirikitseni mpaka padzenjepo. Iwo m'vidiyo sanalowemo chibadwire. Makutu awo ndi olemera, koma mawu amenewo akuwadziwa kuposa dzina lawo. Anamva adzukulu a telala wodwala akulira pakhomo pawo kuti kukufunika gadiyani, zavuta.

Zimenezi palibe anandifotokozera. Ndinaziona ndi maso anga, m'foni ya mnyamata wina, titangotuluka swala ya Lachisanu, anthu ataunjikana akuseka. Zinayenda foni ndi foni, kuyambira pa iyo ili pamakinayo. Zainabu, unaima kuseri kwa mtengo wa mango, ndipo dzanja lako silinanjenjemere, chithunzi chinatuluka bwino. Ndinaona chitseko chikutseguka. Sanatuluke ndi ndodo. Ndodo anaiiwala. Anatuluka ndi beseni pamutu, mkeka m'khwapa, mpango osamanga, nsapato phazi limodzi, akuthamanga mmene munthu wa msana wotero angathamangire. Pogwa, beseni linagubuduka, ndipo m'menemo munatuluka poto uja. Wada tsopano, chogwirira chinachoka, koma ndinamudziwa. Anamusunga zaka zonsezi ngati tingadzamufunenso. Kenako m'fonimo mukumveka phwete, ndi mapazi akuthawa. Anawatola ndi wogula nsomba wodutsa panjinga, dzuwa litawawamba kale.

Wondionetsayo anati madala, onani adzukulu anu, ndi akatswiri. Ndinamubwezera foni yake. Ndinayenda kufika kuno osaona njira.

Ndipo dzina lija lafika kale pamsika. Ndamva amayi akuluakulu akuti kodi Chimeza uja ali bwanji. Inu simudziwa chimene mwayatsa. Kuno nkhalamba yokhala yokha ikapatsidwa dzina lakumeza, mawa mwana wa wina akatentha thupi, anthu amakumbuka dzinalo asanakumbuke udzudzu. Ndaonapo denga likuyaka chifukwa cha liwu limene linayamba ndi ana.

Ndayankhula ndi makolo anu za woti akawadikirire kuchipatala. Mayi anu analira, ndipo ndikuwamvetsa: akajomba kuminda ya nzimbe sabata imodzi ntchito yapita, inu mudya mchenga. Bambo anu anati anawo awakwapula nkhani ithe, koma za chipatala, mayiwo ali ndi tchalitchi chawo, si m'bale wathu. Sindinawakalipire, pakuti mkamwini sumukalipira pamaso pa mkazi wake. Amayi a kutchalitchi akupitadi, amakawaona masana, amasiya nthochi ndi pemphero, nkubwerera ku mabanja awo. Amati chibale ndi fupa. Chabwino. Fupa lathyokali linathyoka likuthamangira pakhomo pano. Bambo anu anene kuti ndi la ndani. Ndipo chikwapucho sindikuchifuna. Chikwapu sichitembenuza wodwala.

Hamisi, iwe ndiwe wamng'ono, unangotsatira mkulu wako ndi kansalu kako. Koma unaseka, ndinakumva, ndipo uzikumbuka kuti unaseka. Rashidi, dzenjelo ukalikwirire lero lomwe, ukapondeponde mpaka palimbe. Munda wawo wa chinangwa ndi wako kufikira adzayende, nkhuku zawonso, ndipo ikasowa imodzi ndidzafunsa iwe. Kansalu kakoko usakataye. Uzivala popalira, anthu aone gadiyani ali pantchito.

Zainabu. Masiku onse ndimakutcha mkazi wanga, nkumakuopseza kuti ndikusiya ndikakwatire wodziwa kuphika. Lero nthabwala ndilibe. Ndiwe wamkulu, mayeso a fomu folo unalemba, ukungodikira zotsatira, ndipo unandiuza wekha kuti ukufuna unamwino. Anyamatawa anakumba ndi ubwana. Iwe unali ndi pakamwa poti ukanati lekani, unasankha kugwira foni. Ine mawa ndikupita. Ndikakhala m'chisakasa cha magadiyani pakati pa amayi, ndikaphika phala, andiseke, zilibe kanthu. Nkhuni ndipeza, madzi nditunga. Koma pachitseko cha wodi ndikaima. Kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwachotsera kabeseni, pakufunika manja a mkazi, ndipo m'nyumba muno manja a mkazi amene alibe ntchito ndi ako. Sindikukutuma. Gadiyani wokakamizidwa amatsina wodwala, ndinawaona otero ndi maso anga. Ndikungokuuza mmene zilili. Ndi ntchito yonunkha, ya miyezi, ndipo mwina adzakutukwana ululu ukakula. Palibe adzakujambula.

Chatsala ndi chimodzi, cha dzulo kwa amake Filipo. Nditalowa pa nthawi ya alendo, atangondiona anafuna kudzuka, chingwe chija nkuwakoka. Nkhope yawo inawala.

"Achimwene, mukuyenda nokha? Akutulutsani liti?"

Ankayesa ndagonekedwa kuwodi ya abambo. Anayamba kupepesa, kuti ananyamuka nthawi yomweyo koma anagwa panjira, m'dzenje la ana osaka mbewa, ukalamba ngwoipa, maso saona. Amayi a kutchalitchi sanawauze zoona, akuti asawapweteke kawiri. Ndinati ine sindinagonekedwe, chinali chifuwa chabe. Anandigwira dzanja.

"Nanga zavuta kwa ndani? Musandibisire. Ndi mwana uti?"

Anakutchulani mayina mmodzimmodzi, kuyambira iwe Zainabu, akuyang'ana nkhope yanga pa dzina lililonse. Ndinati nonse muli bwino. Anati Mulungu ngwabwino. Kenako anafunsa kuti nanga anawo ankaliranji pakhomo pawo. Ine bodza sindinena, ndipo zoonazo zinakana kutuluka. Ndinayang'ana pansi mpaka mlonda anayamba kutulutsa alendo. Funsolo likadali pa bedi paja, ndipo woliyankha si ine.

Ndikunyamuka anandikoka malaya. Anati ndikakuuzeni kuti musade nkhawa, chilichonse chimene chavuta, akangodzuka abwera.

Uthengawo ndafikitsa. Minibasi ya ku boma imaima pamsewu m'mawa, ana akupita kusukulu. Ine ndikakhala pamenepo.